Inki Yofiira mu Kope la Tadala

Mpaka lero ndikamadutsa pageti pa sukulu ya mwana wanga, ndimayenda chowerama ngati ndataya ndalama. Palibe wondilakwira. Ndinaziputa ndekha.

Mwana wanga Tadala ali Sitandade 5. Ine ndinalekezera Sitandade 6, ndiye makope ake ndimawaona tsiku lililonse, koma chimene ndimawerenga kwenikweni ndi inki yofiira ya aphunzitsi. Akachonga, mtima pansi. Akathetha, timakambirana. Koma Lachitatu lina ndinapeza tsamba lonse alidula mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi, m'munsi mwake liwu limodzi lalitali: Irrelevant. Mtima unangoti myuu! Mwana wa aneba anabwereza kalasi chaka chatha, ndipo zake zinayamba chonchi, mawu ofiira osamveka.

"Tada, chimenechi n'chiyani?"

"Kaya, amayi." Uku akubisa nkhope. Mwana wanga kundibisira nkhope!

Kope ndinaopa kulionetsa anthu (Chinamwali muno nkhani imafika kumsika mwini wake asanavale silipasi), choncho ndinakopera liwulo pachikhatho ndi bolopeni. Woyamba kumuonetsa anali Che Saidi wa kabaza, amene amati anaphikirapo mzungu kuphiri. Anayang'ana dzanja langa nthawi yaitali.

"Mayi, mawu aatali chonchi amalemba kuchipatala. Mwanayo akudya bwino?"

Ndinathamangira kunyumba kukamugwira pamphumi. Osatentha. Ndinamutsegula maso, ndinamutulutsitsa lilime, iye akungoti, "Amayi, ndikudya chinangwa ine."

Kenako ndinakagogoda kwa a Memory, mtsikana wa ku yunivesite amene amachita lendi kuseri kwathu. Liwu linali litayamba kufufutika ndi thukuta.

"Aa, amake Tada, musatero," anatero akuseka. "Ndiye kuti zosagwirizana ndi nkhani. Munthu akufunseni mtengo wa tomato, inu n'kuyankha kuti amalume anu anathyoka mwendo."

Mpweya unayamba kubwerera. Koma anthu ophunzira sadziwa polekera.

"Linachokera ku Chilatini, ku liwu lotanthauza kunyamula, kupepuza katundu. Kutsogoloku anangoikako kukana. Chinthu chosathandiza kunyamula nkhani, mwamva?"

Chilatini! Ku tchalitchi kwathu ansembe amachiyankhula pa zinthu zazikulu zokhazokha. Mphunzitsi sangapite kutali chonchi chifukwa cha kalakwidwe kakang'ono. Ndinadziwiratu kuti mwana wanga akumubwereza kalasi.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya aphunzitsi osagogoda. Analimo asanu, akumwa tiyi. Ndinagwada pamaso pa madamu a Tadala n'kuyamba. Ndinafotokoza mmene anabadwira wamng'ono ngati botolo, chifuwa chake cha chaka choyamba, bambo ake amene amachoka mbandakucha kukacheka matabwa kuphiri, denga lathu lodontha, nkhuku imene inadya pensulo yake. Sindinapume. Tiyi wa anthu anazizira.

"Mayi, khalani pampando," anatero madamu. "Zimene analemba mwanayu mwaziwerenga?"

Ndinali nditazungulira dera lonse ndi liwu lawo limodzi m'dzanja, mizere khumi ya mwana wanga osaiyang'ana n'komwe.

"Ndinawauza ana alembe za ntchito ya madzi. Imvani, ndikumasulireni." Anatenga kope lija m'manja mwanga, n'kukonza magalasi. "Amayi anga amandilondola popita kusukulu tsiku lililonse. Amaganiza kuti sindidziwa. Amabisala kuseri kwa matumba a makala, kenako kuseri kwa mtengo wa mango. Chitenje chawo chokhala ndi nkhuku chimaonekera. Ndikafika pamsewu waukulu ndimayang'ana uku ndi uku kawiri, kamodzi kanga, kamodzi kawo. Ndimayenda pang'onopang'ono kuti asatope."

(Apa ndiulule. N'zoona, kuyambira Sitandade 1. Maminibasi ochokera ku Songani inu mumawadziwa mmene amathamangira. Ngakhale bambo ake samadziwa, ankati ndimalawirira kukagula masamba.)

Nkhope inatentha, misozi nayo ikubwera, sindinadziwe choyamba kubisa.

"Tsono mayi, madzi ali pati apa?" anafunsa madamu.

"Mulibe ngakhale dontho?" anafunsa abambo ena pakona, aphunzitsi anzawo, akudziletsa kuseka.

"Muli mzere umodzi kumapeto. Akuti, mvula ikagwa amanyowa."

Abambo aja tiyi anawatulukira m'mphuno. "Madamu, pamenepo mukanampatsako malikisi awiri!"

Onse anafa nako kuseka, inenso ndinaseka ndikupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, chomwecho cha nkhukucho. Madamu anandigwira dzanja. Anati za kubwereza palibe, Tadala ali m'gulu la ana anzeru m'kalasimo, angolembanso za madzi basi. Anatinso tsambalo anakawerengera amuna awo kunyumba.

"Koma mayi, mwana wa zaka khumi uyu. Msiyeni aziyenda yekha."

Ndinalonjeza ndi mtima wonse, aphunzitsi asanu ali mboni.

Lachisanu ndinamupatsa chikwama n'kukhala pakhonde, manja nditawapanira pakati pa maondo. Ndinapirira mpaka anakhota pa chigayo. Kenako ndinalowa m'nyumba, n'kusintha chitenje, kuvala chakuda chosalemba kanthu, n'kudzera njira ina ya kuseri kwa bafa la aneba. Ndinapeza pobisala patsopano, pabwino zedi, kuseri kwa benchi ya ogulitsa tchipisi.

Tadala anafika pamsewu, anayang'ana uku ndi uku, anayang'ananso, n'kuwoloka. Ali tsidya, osacheuka n'komwe, anakweza dzanja n'kubayibitsa.

Wa tchipisi anandiyang'ana. "Mayi, akubayibitsa inu uyo?"

"Sindikumudziwa," ndinatero, dzanja langa lili kale m'mwamba.