Anajava a ku South Bend

Ukafuna kuwapatsa moni Anti Vainess, unkayenera kuyamba wapeza pokhala, chifukwa yankho lawo linkadzera ku Indonesia. Iwe: "Muli bwanji Anti?" Iwo: "Ndili bwino mwanawe, koma kodi ukudziwa kuti ku Java..." Basi, ku shifiti wachedwa. Ku Indonesiako sanapondeko phazi. Anabadwira ku Chiradzulu, anakulira ku Ndirande, ndipo zaka zambiri anathera kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, akusamalira okalamba. Koma Amalawi a kuno, mpaka a ku Indianapolis, tinkawaitana kuti Anajava, iwo n'kumavomera mokweza ngati ndi mfunda wa makolo awo.

Matendawa anayamba ine ndikuona. Ndine Chawezi, namwino, ndipo poti Anti ankaopa kudiraiva pa sinowo, dalaivala wawo ndinali ine. Mwana wawo Upile, yemwe ankaphunzira pa koleji ina kuno, anatiitanira ku chionetsero cha nsalu za ku Indonesia zotchedwa batik. Kunena zoona, tinapita chifukwa anati kukhala chakudya. Anti anavala chitenje chawo cha ku maukwati. Mayi wina wamfupi, Dokotala Wulan, mphunzitsi wa mbiri yakale wochokera ku Java, atangowaona anasiya zimene amafotokoza n'kubwera kudzagwira nsaluyo.

"Mayi, nsalu yanuyi ndi mdzukulu wa izi zili pakhomazi," anatero m'Chingerezi. Anafotokoza kuti azungu a ku Holland anakopera luso la batik, n'kuyamba kupanga nsalu zofanana nazo pa makina, nsaluzo n'kufika ku Africa.

Anti anatembenukira kwa ine. "Iwe Chawezi, auze mayiwa kuti chitenjechi ndinagula ku Limbe, kwa amwenye. Za mdzukulu palibe apa."

"Amami, chitenje chimenechi mumachitchula kuti chiyani?" anafunsa Upile.

"Cha Java."

"Nanga Java ndi chiyani?"

"Java ndi... chitenje chodula."

Atawaonetsa chilumba cha Java pa mapu, Anti anakhala duu, chinthu chomwe ngakhale malemu amuna awo sanachionepo. M'galimoto pobwerera anangoti, "Zaka zonsezi ndakhala ndikumanga dziko la eni m'chiuno, osawapatsako ndi moni womwe."

Kuyambira pamenepo, kukangomveka kuti pakoleji pakubwera munthu wodzakamba za Indonesia, Anti anali pa mpando wakutsogolo, beseni la mandasi lili kuphazi. Ankati tizidutswa ta tchizi timene amagawa kumeneko ndi chipongwe kwa mlendo wochokera kutali. Ndiye mafunso awowo! Pulofesa wina anafotokoza mozama za wolemba ndakatulo wakale wa ku Jakarta, mpaka thukuta kamukamu. Atamaliza, mkono woyamba unali wa Anti.

"Bambowa anali pabanja?"

"Inde, mayi."

"Nanga iwo akulemba zonsezi, ana ankadya chiyani?"

Upile anafuna kulowa pansi pa mpando.

Tsiku lina kunabwera katswiri wa wayang, sewero la zidole zachikopa zomwe amazivinitsa kuseri kwa nsalu yoyera, nyali ili kumbuyo, inu n'kumaona zithunzithunzi zake. Azungu onse anali zii ngati m'tchalitchi. Chidole china cha mano akuluakulu chitayamba kunyang'amira mwana wa mfumu, Anti anadzambatuka. "Thawa iwe! Ali kumbuyo kwako ndi mpeni!" Wovinitsa uja sanakhumudwe ayi. Anatembenuza mwana wa mfumuyo kuti ayang'ane kwa Anti, n'kumuweramitsa mothokoza. Holo yonse inafa ndi phwete, ndipo Anti anakhala mwezi wonse akuuza anthu kuti anapulumutsa munthu.

Ndiye panabwera nkhani ya gamelan. Limeneli ndi gulu la zoimbira zamkuwa, zina ngati mangolongondo, zina ngati miphika yovundikira, ndipo munthu mmodzi sangaziimbe yekha. Ophunzira ofuna kuziimba anachepa, koleji n'kunena kuti izichotsa, izitumize kwina. Dokotala Wulan anawauza Anti misozi ikulengeza. Lamlungu lotsatira Anti anaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza n'kuuza amayi onse a kwaya kuti Loweruka akufunika pakoleji kukaphunzira kuimba zoimbirazo, wopanda galimoto anene.

Abusa a Shadrick anawaitanira pambali. "Mayi, ndamva kuti kumeneko mumavula nsapato, ndiponso salola kulumpha zoimbirazo. Si zamizimu zimenezi?"

"Abusa, inuyo kwa apongozi anu mumalowa ndi nsapato zamatope? Mumawalumpha miyendo? Ndi ulemu basi. Bwerani mudzaone nokha."

Anabweradi kudzafufuza, ndipo mpaka lero abusawo ndi amene amaimba timiphika tating'ono tija.

Anti anawapatsa gong'i, chitsulo chachikulu chopachika chomwe amachimenya kamodzi pakapita nthawi, potseka chigawo cha nyimbo.

"Ndiye nthawi yonseyi ndizingokhala?"

"Muzimvetsera anzanu," anayankha Dokotala Wulan.

Mayo ine! Masabata oyamba Anti ankachimenya paliponse pamene mtima wawauza, nyimbo n'kubalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Koma pang'onopang'ono anazolowera. Unkawaona atatsinzina, chomenyera chili m'manja, milomo ikunjenjemera chifukwa chosunga mawu. "Chitsulochi chandiphunzitsa zimene amuna anga analephera," anandiuza. "Kudikira mnzako amalize." Pa tsiku la konsati amayi a kwaya aja anaiwala malangizo onse n'kuimba nthungululu nyimbo ili m'kati. Akuluakulu a koleji anaomba m'manja ataimirira, ndipo zoimbirazo sizinachoke.

Ulendo umodzi wokha ndi umene sindiukamba moseka. Kunali msonkhano waukulu wa akatswiri ku Indianapolis, pa hotela ina m'katikati mwa tauni. Anti anasinthitsa shifiti, ine n'kuwadiraivira. Panjira yonse ankayeserera mafunso. Masana tinalowa m'chipinda momwe bambo wina wa imvi ankakamba za alembi a ku Indonesia omwe anamangidwa, ena kuphedwa, ena kukanizidwa kubwerera kwawo, pa chipwirikiti cha mu 1965. Ankatchula mayina awo mmodzimmodzi, n'kumafotokoza za akazi ndi ana omwe anakhala zaka akuopa kufunsa kumene anthu awo anapita. Nthawi ya mafunso itakwana ndinadikira mkono wa Anti. Sunakwere. Mandasi anabwerera ku galimoto osagawidwa.

Titatuluka m'tauni, minda ya chimanga itayamba mbali zonse ziwiri za msewu, ndi pamene analankhula.

"Chawezi, ine ndinali ndi achimwene, a Mthunzi. Anali mphunzitsi. Nthawi ya chipani chimodzi ija kunabwera galimoto pasukulu, masana, ana akuona. Mpaka lero. Kwathu dzina lawo tinasiya kulitchula, mayi anatiletsa, kuopa makutu a anthu. Ngakhale Upile sadziwa kuti anali ndi malume." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndinkayesa zinali zathu zokha. Lero ndamva anthu akutchula awo pa maiki, popanda wowagwira pakamwa."

Sabata yomweyo anamukhazika pansi Upile n'kumuuza zonse. Mwana woyamba wa Upile dzina lake ndi Mthunzi.

Khansa inawatenga chaka chatha, masamba atayamba kufiira. M'chipatala ankavutitsabe anamwino anzanga ndi nkhani za zilumba, mpaka mawu atatha. Pa siwa, kunyumba kwa Upile, tinaona Dokotala Wulan atakhala pansi pakati pa amayi, akudula kabichi, osadikira kuuzidwa. Thupi linapita kukagona ku Chiradzulu.

Masiku ano tikakumana Amalawi timakamba za mashifiti, za mapepala otiloleza kukhala kuno, za amene akudwala kumudzi. Ndi nkhani zofunika, koma zimangozungulira pakati pa Indiana ndi Malawi ngati kuti dziko lonse ndi malo awiri okhawa. Palibenso wotikoka dzanja kupita kwa anthu omwe sitinawaganizirepo.

Mwezi wathawu ndinali m'sitolo ya zakudya za ku Asia ndikusankha mpunga. Bambo wina wa ku Indonesia, yemwe sindinkamukumbukira, anandiyang'anitsitsa n'kundiyandikira.

"Muli bwanji, achemwali?" anatero, m'Chichewa chopotoka koma chomveka. Kenako anafotokoza m'Chingerezi kuti anaphunzirapo pakoleji paja, anabwerera kwawo, ndipo tsopano wabweranso kudzaphunzitsa. Anati ankandiona ndikubweretsa Mama Vainess, ndipo wawabweretsera nsalu kuchokera kwa mayi ake. Ali kuti?

Ndinamuuza pomwepo, pakati pa matumba a mpunga. Kenako anaika basiketi yake pansi, n'kugwira dzanja langa ndi manja onse awiri, atawerama monga timachitira kwathu.

"Pepani," anatero. "Pepani kwambiri."

Ndinamufunsa kuti mawu amenewo anawadziwira kuti.

"Anandiphunzitsa ndi iwowo. Anati moni ndi wosavuta, koma awa ndi amene ndidzawafune ndikadzakhala m'bale wanu."