Mankhwala a Tensau ya Amake Armando

Lolemba

Mapiritsi a tensau, matenda othamanga magazi, atha kuposito, kachipatala kathu kuno ku Milange. Enifelimero, namwino wake, akuti msewu wa ku Mocuba sukudutsika, tisayembekezere kanthu. Amake Armando akungogwira mutu. Tulo sakupeza, chakudya akungochitola ngati nkhuku yodwala. Zinayamba chichokereni mwana wathu Armando, amene anatengedwa kupita ku tropa, ku usilikali. Mpaka lero zii, palibe uthenga.

Koma lero mwayi wandipeza pa wailesi ya mnzanga wapamtima, a kumpadre Bernardo! Pa siteshoni ya ku Malawi pakulankhula mayi wina wophunzira kwambiri, wa kuyunivesite yakutali. Ntchito yake ndi kufufuza mabanja. Akuti munthu amene amagwiridwa dzanja ndi kuuzidwa mawu okoma, magazi ake amayenda mofatsa, ndipo akadwala sachedwa kuchira. Akuti chikondi chobisa mumtima sichikwanira, chizioneka. Akungoyamba kufotokoza kachitidwe kake, mabatire atha! A kumpadre awayanika padzuwa, koma pulogalamu siidikira munthu.

Zilibe kanthu. Ine ndine profesolo, mphunzitsi, ngakhale sukulu yanga tsopano mukugona anthu othawa nkhondo ku Mongue. Zotsalazo ndimaliza ndekha. Dongosolo lochiritsira amake Armando:

– kuwagwira dzanja
– mawu okoma m'mawa uliwonse
– kudyera mbale imodzi
– kuyenda limodzi, osati ine patsogolo iwo pambuyo

Osawauza kanthu. Wodwala akadziwa kuti akuyesedwa, kafukufuku amaonongeka.

Lachiwiri

Ndiyamba ndi dzanja. Akusenda chinangwa pakhonde. Ndikhala pafupi, nditsokomola pang'ono, ndigwira. Dzanja la mpeni! Chala changa tsopano chakulungidwa m'kansanza ka kapulana, chitenje chawo chakale. Ukwati wonsewu sindinaonepo kuti amasendera kumanzere?

"Mumafuna chiyani, bambo ake Armando? Chinangwa chachiwisi?"

Mawu okoma andivuta. A Chipwitikizi ndili nawo ambiri, a m'mabuku, koma kwa iwo Chipwitikizi ndi chilankhulo cha ku ofesi ndi cha asilikali. A Chinyanja akukana kutuluka. A Chilomwe amene ndikudziwa ndi otsutsira mtengo pamsika. Pomaliza chatuluka ndi ichi: "Mumasenda bwino."

Andiyang'ana nthawi yaitali. Kenako andigwira pachipumi kuona ngati ndili ndi malungo.

Komabe andigwira. Chiyambi ndi chimenecho!

Lachitatu

Mbale imodzi. Kalongonda, wopanda mchere, poti mchere masiku ano timangoumva mbiri. Ndibweza mbale yanga, nditsika pampando, ndikhala pamphasa pawo, ndipisa dzanja m'mbale yawo. Iwo adzuka mwaulemu, andisiyira zonse, akaima pakhomo. Ndadya gawo lawo, iwo osalawa kanthu! Sing'anga wotani wodya chakudya cha wodwala?

Masana ulendo wa kumsika, limodzi. Ndikachepetsa liwiro kuti andipeze, iwonso achepetsa. Ndikaima, aima. Ndiyenda pang'ono, ndiima, ndicheuka. Iwonso chimodzimodzi. Osadziwa kuti anthu onse a pambuyo pathu aimanso, ena atula katundu, ena akubwerera chafutambuyo. Msilikali abwera akuthamanga, mfuti m'manja: "Profesolo, mwaona bomba pati?"

Ndamuuza kuti ndi nyamakazi.

Pobwerera ndawalanda dengu, ndalisenza ine, pamutu penipeni. Msika wonse waona. Ngakhale onyamula katundu a pa malire, anthu osadabwa ndi chilichonse, asiya kukangana kuti andionere.

Lachinayi

Nkhani yafalikira. Zimene zandifika m'khutu lero:

– amayi a kuseri kwa mpanda akuti ndadyetsedwa kondaine
– katekista akuti mwamuna akafewa mwadzidzidzi ndiye kuti ali ndi mkazi wina ku Muloza, kutsidya kwa malire
– a kumpadre Bernardo akuti ndisamawatchule, popeza akazi awo ayamba kufunsa chifukwa chake iwo sasenza dengu

Mkazi ku Muloza, ine! Kumene ndimangopitako kukasinthanitsa nandolo ndi sopo, n'kubwerera thukuta lili kamukamu.

Ndawonjezera chinthu china m'dongosolo: duwa. Ndathyola lofiira pampanda wa nyumba yosiyidwa ya kumunda wa tiyi, ndaliika pamtondo pawo kuti alipeze. Yalipeza ndi mbuzi. Mbuziyo ikuoneka yathanzi ndithu.

Ndawakokera kuposito kuti awapime, ndione ngati mankhwala anga akugwira. Kampira ka makina opimira tensau kanaphulika, enifelimero wayesa kumata ndi zomatira njinga, zakanika. Ndiye ndipima ndi chiyani? Ndi maso. Maso akuti: akuondabe, ndipo tsopano akundiopa. Ndikalowa m'nyumba amatuluka.

Mfuti zikumveka kuseri kwa phiri la Tumbine, patali. Mawa ndiwonjezera mphamvu ya mawu.

Lachisanu

Lero zavuta.

M'mawa akuchokera kumadzi. Mawu ndawakonza bwino, a Chinyanja chenicheni. Ndiwachingamira pabwalo, ndinena: "Amake mwana, zivute zitani, ine ndili nanu."

Atula chidebe. Akhala pansi, padothi, manja pamutu.

"Nenani basi. Mwamva kwa ndani? Anamuika kuti mwana wanga?"

Mayo ine! Sabata yonseyi akhala akuganiza kuti ndinalandira uthenga wa imfa ya Armando, ndipo ndikuwafewetsa kaye, monga amachitira anthu otumidwa kukanena maliro. Dzanja, mbale, dengu, zonse. M'mawa uliwonse amadikira kuti lero ndiye anena. Profesolo wa mutu wa dzungu!

Ndalumbira pamtanda kuti sindinamve kalikonse. Ndafotokoza za wailesi, za mayi wophunzira, za mabatire. Sakukhulupirira. Mpaka ndakaitana a kumpadre, abwera atanyamula wailesi yakufayo ngati mboni, nalumbira nawonso, akuyang'ana kumbali mwamanyazi.

Atachoka, takhala pakhonde. Kenako ayamba okha kukamba za mwana. Mmene Armando ankabera nzimbe n'kumakana, makoko ali m'thumba. Mmene abakha a kumishoni ankamuthamangitsira, iye ali kale mnyamata wa ndevu. Dzina lake timalitchula tsiku ndi tsiku poitanana, koma za iye mwini tinasiya kalekale kukamba, ine kuopa kuwaliza, iwo kuopa kundiliza. Talira tonse. Ine kwambiri.

Chinangwa chapserera pamoto. Tadya chopsereracho, aliyense mbale yake. Amaliza yawo.

Loweruka

Ndiyesa kupitiriza dongosolo mwakachetechete. Andigwira msanga. Malamulo awo:

– dengu ayi, mukundichititsa manyazi
– dzanja pagulu ayi
– maluwa ayi, mbuzi izolowera
– mukafuna kukhala pafupi, tengani mpeni muzisenda nawo

Ndasenda. Theka la chinangwa likupita ndi makoko. Akuti tsopano adziwa kumene Armando anatengera manja ake.

Masana, phuu! Tonse liwiro kulowera kumtsinje wa Muloza, mitolo pamutu, nkhuku m'khwapa. Ine ndagwa chafufumimba m'mizere ya mbatata, andidzutsa pondikoka kolala, osaima n'komwe. Munthu wa tensau ameneyu amathamanga kuposa ine!

Tabisala m'bango pamodzi ndi anthu a ku Mongue aja. Mayi wina pakati pawo akuti mlamu wake anaona anyamata a kuno ali ku Mocuba, amoyo, ovala nsapato, mmodzi akudandaula kwambiri za chakudya. Mayina sakuwadziwa. Amake Armando akuti, "Wodandaula za chakudyayo ndi wathu." Ndafuna kunena kuti umenewo si umboni. Ndatseka pakamwa.

Kenako zadziwika: ndi tayala la galimoto ya asilikali laphulika. Tabwerera, wina aliyense akuti iye sanaope. Njira yonse ayenda pambali panga, koma akuti n'chifukwa choti ndikutsimphina.

Lamulungu

Ndasiya. Kafukufuku watha, zotsatira palibe. Mapiritsi sanabwere, makina ndi akufa, msewu ndi wotseka. Tensau yakwera kapena yatsika, adziwa ndi Mulungu. Mayi wa kuyunivesite uja atamva mmene ndayendetsera ntchito yake, angadwale iyeyo.

Chimodzi chokha: lero agona mpaka dzuwa kutuluka. Sindinawadzutse. Tafika kutchalitchi nyimbo yoyamba itatha, katekista akundiyang'ana ngati wochokera ku Muloza.

Potuluka amayi a mumpingo awazungulira. Akufuna kudziwa kumene anapeza kondaine. Ndaima chapatali, chipewa m'manja, kudikira kuti atsutse, ayeretse dzina la mwamuna wawo. Iwo, nkhope ili gwa:

"Ku Molumbo, kwa azakhali anga. Koma muzisamala pothira. Ine ndinachulutsa."

Pano ali kuseri kwa nyumba ndi anzawo atatsamirana, akuseka mpaka kutsokomola. Kuseka kotere sikunamveke pakhomo pano chichokereni mwana. Akuseka ine, ndikudziwa, ndamva mawu akuti dengu. Ulemu wanga wa uprofesolo watha m'Milange monse.

Aseke ndithu.