Utsi Wangawanga

Lolemba
Nkhani yabwino! Wailesi ya mayi a Joni yanena ndikumva ndekha: boma lapititsa bilu ku Nyumba ya Malamulo yoti chimanga cha thandizo achiwonjezere kwa osauka. Banja lililonse thumba lake! Ndavina mwana wanga Tadala ali kumbuyo.
Kenako ndakumbukira. Ulendo watha alembi ankawerenga makhitchini, pofuka utsi ndiye banja. Ine ndimadya mphika umodzi ndi amayi, ndiye anatipatsa thumba limodzi tonsefe. Bambo a Tadala ali ku ganyu ku Mozambiki, zii. Mkanda wa m'chiuno mwa mwanayu wayamba kugwa wokha. Ndikuopa.
Nzeru ndi iyi: ndikhale ndi utsi wangawanga.

Lachiwiri
Zofunika:
mafuwa (miyala kuno siyosowa, napolo anatisiyira)
mitengo ndi udzu
mphika (wobooka uja amayi amamwetsera nkhuku)
chophika. Ichi ndiye palibe.
Kakhitchini kaima kuseri kwa nyumba yanga! Kapendekera ngati munthu wochokera ku kachasu, koma kaima. Amayi akuti, "Chimenecho ndi chisa kapena bafa?" Sindiwauza. Akamva iwo amva achemwali, akamva achemwali wamva Migowi yense.

Lachitatu
Utsi! Masamba aawisi a mango ndiwo amautulutsa wambiri. Bowo la mphika ndamata ndi dothi, mkatimo madzi okhaokha, ndavundikira. Sindikudziwa nthawi yofika alembi, ndiye moto suzima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.
Chimodzi ndinaiwala. Kuno moto wa tsiku lonse aliyense amadziwa kuti ndi kalongonda, nyemba zosachedwa kupha munthu ukaziphula msanga.
Mayi a Joni pa mpanda: "Amnzanga, akapsa musatiiwale."
Amalume afika, supuni ikuonekera m'thumba la jekete. Akhala mpaka madzulo kundiphunzitsa za ndale, maso pa chivundikiro. Pochoka akuti, "Ukuchita bwino, ameneyu safuna phuma. Ndibwera mawa."

Lachinayi
Abweradi.
Amayi sanatiitane ku phala la gaga. Akulankhula ndi nkhuku mokweza kuti ndimve: "Ena akubisa kalongonda kuseri, wowabereka akudya gaga. Ali ndi utsi wawo, adye utsiwo."
Tadala akulira, akuloza kwa agogo ake. Achemwali abwera ndi phala m'kapu, atabisa m'chitenje. Ndawavundukulira mphika, ndawauza zonse. Alumbira kuti sauza munthu.
Palibe kanthu. Thumba likangofika ndikalitula pa mapazi a amayi, aone!

Lachisanu
Mudzi wonse utsi! Ngati tikuwotcha njerwa.
Achemwali makhitchini awiri.
Mayi a Joni atatu, ina akuti ndi ya Joni, mwana wa Sitandade 2.
Amalume, munthu wosadziwa ngakhale kuwiritsa madzi, ali ndi yawo pansi pa mthethe. Sakundilankhula.
Masana njinga yamoto! Alembi! Tonse kuthamanga, kuwonjezera masamba, kukupiza ndi malichero. Ine ndaima pakhomo pa khitchini, mthiko m'manja, nkhope yaumphawi ndakonza bwinobwino.
Si alembi. Ndi azaumoyo, bambo wa chilankhulo cha kumpoto, akutsokomola. "Kodi mukufuna kuphika ana?" Amuyang'ana Tadala m'maso, akuti chifuwa cha mwanayu ndi cha utsi, ndimutalikitse. Ndazimitsa pomwepo. Ndi utsi wa mudzi wonsewu, ngakhale phiri lathu sitinalione tsiku lonse.

Loweruka
Wapansi mpaka pa Migowi kukamva tsiku lenileni. Ndafunsa aphunzitsi ena amene amawerenga nyuzi pa khonde la golosale. Akuti, "Mayi, bilu si thumba. Ayambe akangana kaye, avote, asayine." Ndafunsa, akangana mpaka liti? Akuti dzulo aphungu anatukwanizana, ena atuluka, Nyumba yatsekedwa. Adzakumananso tikadzakolola.
Tikadzakolola!
Pobwerera mvula ya mphepo. Ndapeza khitchini yagona chafufumimba, mbuzi ikudya denga.

Lamulungu
Kutchalitchi anthu onse maso ofiira, palibe woyang'ana mnzake.
Ndatsuka mphika, ndapita nawo kwa amayi, ndagwada. Amayi aulandira, ausuzumira, akuti, "Madzi ako anapsa?" Achemwali kuseka mpaka kugwira chipupa.
Amayi amunyamula Tadala, amumwetsa phala okha, mkanda wake aufupikitsa ndi mano. Kenako alowa m'nyumba, atuluka ndi kachitini ka kalongonda weniweni amene amasungira mbewu.
"Poti kusonkha moto tsiku lonse waphunzira, khala apo. Nkhuni zouma, osati masamba."
Ndakhala. Utsi ndi umodzi, thumba palibe. Amalume ndi awo akubwera, dzanja m'thumba la jekete.