Kabuleta Yodontha Kuseri kwa Sitolo

Pulani inabadwa Lachitatu masana, pa tebulo la pakona m'bala ina yomwe mipando yake inali makireti. Anali atatu. Woyamba anali Chipewa, yemwe sankavula chipewa ngakhale kwa wometa, ndipo ankadzitcha mutu wa gulu. Wachiwiri anali Ndodo, wowonda moti akaima cham'mbali umaganiza kuti wapita kwawo. Wachitatu anali Sipanala, amene anagwirapo ntchito pa galaja masabata atatu, yotsuka mawilo, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda ndi sipanala m'thumba la kumbuyo ngati chiphaso.

"Dilu yake ndi iyi," anatero Chipewa, akujambula pa tebulo ndi chala chonyowa. "Sitolo ya masipeya a njinga zamoto ija. Mwini wake ndi mayi mmodzi, alibe mlonda. Ikakwana thwelofu amatseka kukadya, amabwera wani koloko. Ndodo alowa pa zenera la kuseri, azitipatsira mabatire, matcheni, chilichonse chonyezimira. Mphindi khumi, tatha."

"Nanga pothawa?" anafunsa Ndodo.

"Ndi chifukwa chake tili ndi injiniya."

Sipanala anatukula chifuwa. Mlamu wake anali pa ulendo ndipo anasiya njinga yamoto kuseri kwa nyumba, njinga yakale kuposa Ndodo mwiniyo.

"Imathamanga, aise. Kungoti kabuleta imadontha pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Ngati mphuno ya mwana wa chimfine. Ntchito ya mphindi zisanu."

Anagundanitsa mabotolo ngati anthu oti alemera kale.

Mphindi zisanuzo zinadya Lachinayi lonse. Pansi pa njinga panali chibanga chakuda, fungo la petulo lili gu. Sipanala anagona chagada, namasula kabakuli ka pansi pa kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Sikuluu imodzi inagubuduka n'kulowa mumchenga, ndipo anthu atatu akuluakulu anakwawa theka la ola akuifunafuna. Gasiketi yakale, yotseka mpata kuti petulo asadonthe, inathetheka m'manja ngati tsamba louma.

"Bwanji tikangogula yatsopano?" anatero Ndodo.

"Kuti?" anamuyang'ana Chipewa. "Sitolo ya masipeya ndi imodzi yomweyo. Tikagule lero kumene tikabe mawa?"

Sipanala anadula gasiketi ina pa katoni ya nsapato, naipaka sopo mbali zonse ziwiri. M'kati mwa kabuleta anaonamo kasingano kakang'ono. Anakatulutsa, anakauzira mpweya ngati akuziziritsa tiyi, n'kukabwezeramo.

"Yachira," anatero.

Njinga inaliradi. Kuti kapaipi ka pansi kankalavulabe timadontho, palibe anawerama kuti aone.

Lachisanu thwelofu itangokwana, mayi a sitolo anakhoma loko n'kumapita. Njinga inalibe sitandi, choncho anaitsamiritsa ku khoma la kuseri. Ndodo analowa pa zenera ngati ulusi pa singano. Mbali imeneyi, kunena zoona, inayenda bwino. Kungoti mphindi khumi zinasanduka makumi anayi, chifukwa Chipewa ankabweza katundu pa zenera pomwepo, amvekere batire ili ndi laling'ono, tcheni ichi sichikuwala.

Thumba litadzaza analimanga pa kaliyala, nakwera onse atatu, Ndodo pakati. Sipanala anaponda kiki yolizira njinga. Njinga inatsokomola. Anapondanso. Inausa moyo. Kachisanu sinayankhe n'komwe.

Atayang'ana pansi anapeza chithaphwi cha petulo chikuyenderera mpaka ku ngalande.

"Unati yachira," anatero Chipewa.

"Dzulo inali itachira."

"Tiisiye, tinyamule thumba."

"Njinga ya mlamu wanga? Ukumudziwa bwino mkulu uja?"

Ali mkati mokangana anamva mawu kumbuyo kwawo.

"Ana anga, njinga imeneyo mukuimwetsa kapena mukuisambitsa?"

Anali mayi a sitolo, chikwama m'khwapa, magalasi pamphuno. Chimene pulani ya Chipewa sinafufuze n'chakuti mayiwa, asanatsegule sitolo, anakonza njinga zamoto zaka makumi awiri, ndipo fungo la petulo wotayika linkawakoka ngati kulira kwa mwana.

"Tili bho, mayi," anatero Chipewa. "Ikungopuma."

"Yapuma kale. Tsikani."

Anatsika. Mayiwo anatulutsa sikuludiraiva m'chikwama, momwe ena amasungamo mpango, nagwada. Atamasula kabakuli, katoni yonyowa inagwa pansi, thovu lili m'mbali.

"Ndani anachapa zovala muno?"

"Makanika wina wake," anayankha Sipanala, maso ali kumwamba.

"Ameneyo asadzakhudzenso ngakhale wilibala. Taonani kuno. Ichi ndi choyandama. Petulo akadzaza m'kabakuli chimakwera, n'kukankha kasingano aka kuti katseke pobwera petulo. Nsonga yake yatha, mwauona mzerawu? Sikakutseka. Petulo akungosefukira n'kumatuluka pa kapaipi. Mukhoza kupaka sopo wa m'nyumba yonse, sizisintha."

Sipanala anali atagwada kale pambali pawo, kukamwa kuli yasa. Pa masabata atatu a ku galaja palibe anamufotokozerapo chinthu bwino chonchi.

"Pakufunika kasingano katsopano ndi gasiketi," anatero mayiwo akudzuka. "Ndili nazo m'sitolomu. Dikirani ndikatsegule."

Ndodo ndi Chipewa anayang'anizana. Mayiwo akalowa, akapeza mashelufu ali mbee. Apa ndi pamene Sipanala anaganiza zopulumutsa gulu.

"Musavutike, mayi. Tili nazo."

Anapisa dzanja m'thumba lija, anafufuza pakati pa matcheni, natulutsa kapaketi ka zida za kabuleta, katsopano, kosatsegula. Pakona pake panali kapepala ka mtengo kolembedwa ndi cholembera chofiira.

Mayiwo anakayang'ana kapepalako. Munthu sasokonekera ndi zolemba za dzanja lake. Anayang'ana thumba, anayang'ana zenera lomwe linali pululu, kenako anakonza magalasi awo.

"Mumayenda okonzeka," anatero. "Ndi saizi yake ndithu. Tiyeni tigwire ntchito. Inu a chipewa, ichotseni pa khoma muiimike chilili, isapendekeke. Iwe wowonda, kampopi ka thanki n'kakufa, tsina paipi iyi ndi zala. Ukasiya, petulo watsalayu atha ndipo mukankha mpaka kwanu. Iwe wa sipanala, tambasula manja."

M'manja mwa Sipanala anaikamo masikuluu anayi, choyandama, ndi kapini kochepa ngati chitsotso cha machesi.

"Kakagwa aka, njinga yafa."

Atatero anapukuta zala, natulutsa foni.

"Halo, ndi kupolisi? Ndine wa sitolo ya masipeya. Ndili ndi alendo atatu kuseri kuno, andithandiza kulongedza katundu. Ayi, musathamange, ali otanganidwa."

"Tiyeni tithawe," ananong'ona Chipewa.

"Ndikasiya paipi petulo atha," anatero Ndodo.

"Petulo wa chiyani tsopano?"

"Tangodikira, mani," anatero Sipanala, osasuntha manja. "Akangomanga tikwera n'kuthawa. Ukufuna uthamange wapansi ndi mimba imeneyo?"

Chipewa anaiyang'ana mimba yake, naona kuti mfundoyo inali ndi mutu. Anagwiritsa chiwongolero.

Mayiwo sanafulumire. Anatsuka kabakuli, anapala sopo yense ndi chikhadabo, anapukuta pokhala kasingano ndi kansalu. Analowetsa kasingano katsopano, anabwezera choyandama, nachikweza ndi chala kuti aone ngati chikutseka. Gasiketi anaigoneka bwinobwino. Masikuluu ankatenga imodziimodzi m'manja mwa Sipanala, akumanga mopingasa, uku akulangiza kuti ukamanga mbali imodzi yokha gasiketi imapindika. Sikuluu yomaliza inalowa nthawi yomwe galimoto ya apolisi inkaima pakamwa pa kanjirako.

"Siya paipi tsopano," anatero mayiwo.

Ndodo anasiya. Zala zinali zitachita dzanzi moti wapolisi anachita kuziwongola kuti unyolo ulowe. Chipewa anafotokoza kuti iwo amangodutsa, ndipo thumbalo analipeza litadzimanga lokha pa kaliyala. Wapolisi analemba zimenezo mosaseka, zomwe zinali ulemu waukulu.

Mayiwo anaponda kiki kamodzi. Njinga inalira mosalala ngati yangotuluka m'fakitale. Sipanala, manja ali kumbuyo, anapempha kuti amulole kaye. Anagwada, anasuzumira pansi pa kabuleta, nadikira. Panalibe dontho ngakhale limodzi.

Akuwakweza m'galimoto, Chipewa anali atagwetsa nkhope, Ndodo akuuzira zala. Sipanala yekha anatulutsa mutu pa zenera.

"Mayi, pepani. Kasingano kaja, nsonga imayang'ana kumwamba kapena pansi?"

"Kumwamba, mwana wanga," anayankha mayiwo akumasula thumba lawo. "Ukhala ndi nthawi yokwanira yoloweza."