Nkhondo ya Alamu pa Kachipangizo ka Wayifayi

Tcherani khutu, inu mibadwo, mumve za chaka chija intaneti inafa dzuwa lili paliwombo, m'kashopu kosindikiza mapepala kuseri kwa Msika wa Lundazi.

M'menemo munkalamulira Bornwell, Njovu ya Makiyibodi, Mgonjetsi wa Mapepala Otsamwitsa Printa. Tsikulo mlamu wake Haswell, Mkango wa Kwaya ya ku Chikomeni, anafika pa njinga kudzatsitsa ndi kusindikiza nyimbo za mpikisano wa mawa lake. Analumikiza foni yake pakompyuta kuti itchaje, ndipo nthawi yomweyo intaneti inatsirizika.

"Alamu," anabangula Bornwell, "foni yanu yapha ufumu wanga. Mwabwela ndi mtendele kapena mkondo?"

"Foni iyi yatchajidwapo m'matchalitchi ndi m'maminibasi a ku Chipata, siinaphepo kanthu," anayankha Haswell, dzanja pachifuwa. "Mukabwelezanso mawu amenewo, mlongo wanga amene munakwatila ndibwelela naye kwathu pa keliyala ya njinga."

Ogulitsa tomato anandanda kumbuyo kwa Mkango, okonza njinga kumbuyo kwa Njovu, ndipo magulu ankhondo anatuzulirana maso.

Pamenepo Bornwell anaitana mboni yosadya chiphuphu, kenelo, mtima wa kompyuta umene umayang'anira zipangizo zonse n'kumaulula china chikadwala. Anatsegula zenera lakuda pakompyutapo, nawerenga, thukuta lili kamukamu. Mboniyo inati kapulogalamu kokhala m'kati mwa kachipangizo ka wayifayi kakomoka kokha. Za foni sinatchule n'komwe.

Pakhamu lonselo panalibe wina wotha kumasulira zilembozo. Njovu inalingalira zonama, koma italingaliranso za mkazi wake akuzimiririka m'fumbi la msewu wa ku Chikomeni, inatsokomola.

"Mdani ali m'linga lathu lomwe," analengeza Bornwell. "Alamu, mulibe mlandu."

Anazula kachipangizoko n'kukabwezera. Intaneti inauka kwa akufa, nyimbo zinatuluka m'printa zili zotentha.

Mtendere unakondwereredwa ndi chitumbuwa chimodzi chonyemedwa pakati, amayi a tomato akululuta, okonza njinga akuliza mabelu. Kenako Bornwell anakonza lipoti la vutolo lopita kwa akatswiri a kenelo kutsidya kwa nyanja, koma Haswell anakana kukwera njinga mpaka atawonjezamo mawu ake.

Motero kwinakwake kutali, pansi pa manambala osimba kukomoka kwa kapulogalamuko, katswiri wina anakanda mutu powerenga Chinyanja chakuti: "Foni ya a Haswell ndi yosalakwa. Dziko lonse lidziwe."