Makina anga opopera penti

Mpaka lero chubu cha njinga chikaphulika pamsika wa Namwera, pamapezeka wachikulire wina amene amatembenuka kuti aone ngati ndili pafupi. Sindikwiya nazo, ndinaziyamba ndekha. Koma bola ndikuuzeni mwiniwakene, chifukwa ena akamafotokoza amawonjezera zoti ndinauluka kupitirira denga la butchala.

Zinali m'zaka zija abale athu a ku Mozambiki anadzaza kuno pothawa nkhondo. Ine ndinkakonza njinga pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Ntchito inalipo yambiri, pakuti njinga ndiyo inkanyamula zonse: ufa wa chithandizo, fodya, odwala, ngakhale akwati. Kumata machubu ndi kuwongola malimu ndinkatha bwino. Chimene chinkandichititsa manyazi ndi penti. Ndikapaka ndi bulashi, njinga inkatuluka ndi mizeremizere ngati yakandidwa ndi mphaka, ubweya wa bulashi utamatirira pafelemu (eni ake ndinkawauza kuti ndi mmene akupakira ku Joni masiku ano).

Pakhonde la sitolo yoyandikana nane pankasoka a Felenando, telala wa ku Lichinga ku Mozambiki, amene anafika kuno wapansi ndi akazi awo a Roza, atasenza mutu wokha wa makina osokera. Tsiku lina ataona ndikuzula ubweya pafelemu, anandiuza kuti kwawo m'magalaja ankapaka ndi mpweya. Pamakhala thanki ndi paipi, penti n'kumatuluka ngati nkhungu, galimoto n'kuwala ngati yachokera kumene kusitolo. Nditawapanikiza ndi mafunso, anavomera kuti ankangoonera pampanda podutsa. Kwa ine zinali zokwanira. Ndinatsimikiza mtima kuti Namwera aona makina oterowo, ndipo opanga ake ndikhala ine.

Thanki ndinalipeza kudzala la esiteti ina ya fodya. Linali lija lozimitsira moto, lalitali ngati mwendo wa munthu, kunsi kwake kutadyeka ndi dzimbiri. Ndinalipala mpaka kuwala, ndinaliboola pambali, ndinalowetsapo valuvu ya chubu cha galimoto, n'kumanga ndi mphira, n'kumata ndi phula. Akazi anga anaima pakhomo n'kumandiyang'ana.

"Bambo a Asiyatu, eni ake potaya chinthu chimenechi anaona chiyani?"

Ndinawayankha kuti eni akewo analibe luso.

Poyesa koyamba mpweya wonse unathawira m'phula. Ndinamatanso. Kachiwiri penti inatuluka mibulumibulu ngati zitosi, ndiye ndinaisungunula ndi palafini. Kachitatu paipi inavuka n'kulavulira tambala wa akazi anga, amene anatha dzinja lonse ali wobiriwira mbali imodzi. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinkaona kuti ndikuyandikira.

Vuto lotsala linali kachitsulo kena pamwamba pa thanki, kokhala ndi kasipuling'i. Ndikapopa kwambiri kankayamba kulira kuti tsiii, kutaya mpweya wanga umene ndinaukhetsera thukuta. Ndinakakhomera msomali, n'kukazinga ndi waya. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti ntchito ya kachitsuloko inali yomweyo, kutaya mpweya kuti thanki lisang'ambike. Pa makina onse aja, ndiko kokha kanali ndi nzeru.)

Kasitomala woyamba anali Che Saidi, wogulitsa usipa wouma wochokera ku Lungwena. Mwana wawo ankakwatira, ndipo ankafuna kumupatsa njinga yawo yakale itapakidwa kufiira. Ndinawalonjeza kuti anthu aziyesa yatsopano. Anabwera Lachisanu dzuwa lili pamutu, atavala mkanjo woyera mbee, kuti aone ntchito asanalowe mumzikiti. Mbiri inali itamveka, choncho anthu anatizungulira. Ine pofuna kuti zisandichititse manyazi, ndinabwereka pampu yopondera ya matayala a lole, ndipo thanki linali litakhala padzuwa kuyambira m'mawa.

Ndinayamba kuponda. Nditatsegula paipi, panatuluka kankhungu kofiira, kosalala, ndipo anthu anang'ung'udza mosilira. Ndikanayamba kupaka pomwepo, bwenzi lero ndikusimba zina. Koma ndinkafuna nkhungu yaikulu, yoti ndi ogulitsa tomato kutali uko aione. Ndinatseka n'kupitiriza kuponda. A Felenando ananyamula makina awo n'kulowa nawo m'sitolo, ati fumbi lachuluka. Che Saidi anabwerera m'mbuyo.

"Achimwene, chinthuchi chikulira ngati m'mimba mwa wodwala. Tasiyani kaye."

"Kangotsala pang'ono, Che Saidi."

Phokoso lake sindinalimve bwino, chifukwa makutu anatsekeka nthawi yomweyo. Ndinangopezeka ndili chagada, masamba a mango akundigwera kumaso. Thanki linang'ambika kunsi kuja kunali dzimbiri, n'kudutsa m'nthambi, n'kukatera padenga la butchala (ilo ndilo linauluka, osati ine). Nditatembenuza mutu, msika unali utatha anthu. Eni kuno anathawa akukuwa. Anzathu a ku Mozambiki sanakuwe. Ena anagona pansi chafufumimba, ena analowa m'minda ya chimanga mwakachetechete, chifukwa iwo phokoso lotere ankalidziwa.

Akazi anga anafika akulira maliro ataona ndafiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinadzuka kuti ndiwauze kuti ndi penti chabe, koma mawu anatuluka ndi likhweru. Mano awiri akutsogolo panalibe. Ndipo si zonse zofiira zinali penti, pakuti chidutswa cha chitsulo chinali chitanditema pamsongolo.

Che Saidi anali chiimire, mkanjo wafiira mbali yonse ya kumanja. Anadzisisita pachifuwa ndi pamimba, anayamika Mulungu motsitsa mawu, kenaka anayang'ana njinga yawo. Inali chitsamire pamtengo, yakuda monga inabwerera. Pa zinthu zonse zinali pamalopo, iyo yokha ndiyo sinalandire ngakhale dontho. Ndi njinga yomweyo anandinyamulira kuchipatala, kumene namwino anayamba wandichapa ndi palafini kuti apeze pomwe pali bala. Apolisi nawo anabwera, ndipo zinanditengera nthawi kuwatsimikizira, ndi kamwa lotupa, kuti kunalibe chigawenga china koma ine.

Zonsezi anthu amaseka, inenso ndimaseka. Chimene sindiseka ndi cha a Roza. Iwo atamva kuphulika kuja anabereka mwana wawo kumbuyo n'kuthamangira kuphiri osacheuka. Anakawapeza dzuwa litapendeka, atabisala pakati pa miyala, atagwira mwana pakamwa kuti asalire. Panapita miyezi asanapondenso pamsika.

Nditayamba kuyenda ndi ndodo ndinapita kwawo kukapepesa. A Roza anandiyalira mphasa, koma sanakhale nafe. A Felenando anayankhula akupota ulusi pachala.

"Tinayenda ulendo wonse uja kuthawa phokoso limeneli, achimwene. Sitinkadziwa kuti mukulipanga pamanja kuseri kwa msika."

 Patapita masiku ndinawabweretsera a Felenando nsalu yoyera, iwo anasoka mkanjo wina wa Che Saidi, ndipo njinga ija ndinaipaka ndi bulashi nditakhala pampando. Ukwati unachitika, ndipo mkwati anaikwera osadandaula.

Kuchokera pamenepo chinthu chilichonse chosunga mpweya wambiri sindichiboola, sindichimata, sindichiwotcherera. Wobwera nacho ndimamuuza apite kwa amene anaphunzira ntchitoyo ndipo ali ndi zida zoyesera. Chaka chatha mkamwini wanga anabwera ndi injini ya firiji yakufa, ati anamva kuti imatha kupopa mpweya. Ndinamukalipira, ndinamuonetsa chipsera, ndinamulamula kuti apite nayo kwa amisiri ku Mangochi. Anamvera. Koma ndisaname, ndinamuperekeza mpaka pasiteji nditainyamula ndekha, ndipo minibasi inanyamuka ndikumufotokozerabe pawindo pomwe payenera kukhala valuvu.