Msilikali Ndine, Dzina Ndi la Achimwene

Lolemba

Chisanu. Mwendo watupanso, nsapato yakana.

Alamu anga a Petulo abwera m'mawa. Akuti, "Alamu, maliro a mlongo wathu tinameta kale. Mukakumba mbatata tikusudzulani." Zaka zonsezi pamudzi pano, ndikadali mkamwini. Ana tinaika onse. Kwathu ku Kaphuka kunatsala mabwinja.

Koma a Sitefano, amene tinapitira limodzi kunkhondo, akuti ku boma akulemba asilikali akale opanda owasamala. Bedi, bulangete, mankhwala, mpaka imfa. Ndipita Lachitatu.

Zotenga: buku la usilikali, mamendulo awiri, khadi la chipani, ndodo.

Lachiwiri

Ndatsitsa chitini kudenga. Buku lilipo, makoswe angolawa m'mphepete. Vuto ndi dzina. Muli Alufeyo, achimwene anga. Olemba asilikali atabwera anaitana iwo, koma anali atangokwatira, mkazi ali ndi pakati. Amalume anati, "Pita iwe, mzungu sasiyanitsa." Ndinavomera dzina lawo zaka zinayi, mpaka kunkhondo ya ku Bama. Iwo mfuti sanaigwirepo. Anamwalira ndi chifuwa, pamphasa pawo.

Mamendulo ndatsuka ndi phulusa. Akuwala kuposa mwini wake.

Lachitatu

Lole ya matabwa yanditula ku boma. Kalaliki kulibe, wapita kokonzekera msonkhano wa chipani. Mesenjala akuti, "Mawa, agogo." Malo ndapeza pakhonde la sitolo, ine ndi galu wa eni ake.

Lachinayi

Mzere. A Sitefano alowa oyamba, kalata yotayipa m'manja, yowalembera mwana wawo mphunzitsi. Kunkhondo iwowa ankawerenga mabulangete mosungira katundu. Alembedwa, atuluka akupukuta magalasi. Wina wopanda dzanja wabwezedwa, pepala lake linadyedwa ndi chiswe.

Ine tsopano. Kalaliki wayang'ana buku, wayang'ana khadi. "Maina awiri. Msilikali ndi uti?" Ndine. "Nanga Alufeyo ndani?" Ndinenso. "Mawa."

Lachisanu

Kalaliki watulutsa buku la msonkho. Alufeyo: anamwalira. Wodzanena: mng'ono wake. Chala chodinda: changa. Ulendo umenewo ndinauyenda ndekha, kuti mkazi wamasiye asamavutitsidwe msonkho wa munthu wakufa.

Ndamuuza afanizire chala chimenecho ndi cha m'buku la usilikali. Wafanizira. N'chimodzi. "Ndiye kuti munabwera nokha kudzanena kuti mwafa?" Ofesi yonse kuseka, ndi mesenjala yemwe.

Ndavula malaya, ndamuonetsa pamene panalowa chitsulo. Akuti chipsera sichilowa m'faelo, ndiponso masiku ano wonamiza boma amakagona kosadziwika. "Pezani mboni, agogo." Ndavala malaya anga.

Loweruka

A Sitefano kumene tinkaomberana sanafikeko. Mboni yatsala imodzi, a Jailosi a ku Chongoni, tinkagona dzenje limodzi. Tsiku lonse panjira, ndodo patsogolo, mwendo pambuyo.

Ndawapeza atamangidwa chingwe m'chiuno pamtengo wa pichesi. Mutu unasokonekera, amathawira m'nkhalango. Iwowa palibe ndi mmodzi yemwe waganiza zokawalembetsa. Atandiona aimirira njo, apereka sawatcha. "Alufeyo! Sunafe?"

Mboni yanga imeneyo.

Ndati ayi, sindinafe. Ndawapichirira fodya. Mendulo imodzi ndawasiyira, akuiseweretsa ngati mwana.

Lamulungu

Ndafika kunyumba mbandakucha. Ku Misa sindipita, mwendo wakana. Belu ndikulimvera pano.

Wabwera Nabanda, mwana wa mng'ono wake wa malemu mkazi wanga, ndi mwamuna wake watsopano. Moni, moni, koma maso ali kudenga. Mwamunayo akuyeza chipinda ndi mapazi, akuyesa sindikuona. Mkamwini mnzanga, yeza.

Nabanda akufunsa mwaulemu, atagwada, "Bambo aakulu, chitsekochi mutenga?"

Chitseko ndinagula ndine, nditangobwera kunkhondo, choyamba chathabwa pamudzi pano. Ndati chikhale. Ndikachiika pati?